Mlendo Wachedwa Chaka Chino

Amuna anga ndi amakanika, ndipo ntchito yawo yonse ili m'makutu. Galimoto ikangolowa pageti, asanatsegule n'komwe boneti amakhala atanena kale chimene chavuta. Anthu anawatcha a Khutu, ndipo dzinalo amalikonda kuposa lawo lenileni.

Kuseri kwa galaja yathu kuli mtengo umodzi, ndipo chaka chilichonse mvula ikayandikira mumafika kambalame kena kochokera kutali. N'kakang'ono zedi, kobiriwirako pamsana, kotuwa kumimba, kali ndi kamzere koyera pamwamba pa diso. Sikakhazikika ayi, kamangodumphadumpha kuseri kwa masamba kutola tizilombo, moti kukaona ndi ntchito. Iwo amati kali ndi kanzake kofanana nako ndendende, kusiyana kwake miyendo ndi nyimbo basi. Kathuka miyendo yake ndi yofiirira, ndipo nyimbo yake imayambira pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kuzimirira. Nde iwo sankadzivutitsa n'kukayang'ana. Akangokamva ankatenga choko n'kulemba deti pakhoma la galaja. Madetiwo analipo khumi ndi anayi. Kambalameko anakatcha Mlendo.

Chaka chino Mlendo anafika Lachiwiri m'mawa, ine ndikuyanika zovala. Ndinadikira kuti atenge choko. Sanatenge.

Inatha sabata, inatha ina. Kambalame kali kalikiliki kuimba, iwo ali pansi pa mtengo womwewo kudandaula kuti Mlendo wachedwa. Ananamizira mphepo. Ananamizira aneba athu amene anadula mpanda wawo wa maluwa, mpaka kusiya kuwapatsa moni anthu osalakwa. Ine chisoni chinkandigwira, komanso ndisaname, ankanditopetsa bambo amenewa. Wailesi ankaikweza ngati tikuitanira malonda pamsika. Mwezi wapitawo galimoto ya aphunzitsi ena inabwerera kawiri, eni ake akuti pali kenakake kakulira, iwo kukakamira kuti palibe. Ndikangotchula zokayezetsa makutu kuchipatala, ankati vuto ndine, ndimatafuna mawu polankhula. Ine amene anthu amandimva ndili tsidya lina la msewu!

Tsiku lina masana ndinawapeza atakhala patayala, choko chili m'manja, akuyang'ana khoma lija. Anati mwina kafera m'njira, poti ulendo wake ndi wautali ndipo kathupi kake n'kosakwana n'chibakera chomwe. Apo n'kuti kakuimba pamutu pawo penipeni. Ndinalephera kupirira. Ndinawagwira dzanja la girisi lomwelo n'kuwalozera nthambi ya m'munsi.

"Taonani apo, bambo. Pafupi ndi tsamba lachikasulo."

Anafufuza kanthawi, kenako anakapeza. Anayang'ana kamzere ka padiso, anayang'ana miyendo. Ndiye kanatukula mutu, kukamwa yasa, kakhosi kakunjenjemera. Anakayang'anitsitsa mpaka kanatseka mlomo n'kudumphira panthambi ina.

"Kamaimba pamenepa?" anandifunsa.

"Kamaimba."

"Kanafika liti?"

"Lachiwiri, masabata atatu apitawo."

Anadzuka patayala paja, anapita kukhoma, analemba deti limene ndinawauzalo m'munsi mwa enawo. Kenako anandiikira chokocho m'manja, n'kufunsa kuti kuchipatala kuja amatsegula nthawi yanji.