Wosesa Mtsinje

Ntchito yanga inali yosesa mtsinje. Musaseke, ndi mmene ankaitchulira azungu a kampani ya ndege ija. Ndege yawo inkatera ndi kunyamukira pamadzi a mtsinje wa Magdalena, ndipo Lachiwiri lililonse isananyamuke ndinkapalasa bwato kuchokera padoko mpaka pachilumba cha kumunsi, n'kumakankhira kumbali zipika zonse zoyandama. Ndikafika pachilumbapo ndinkakweza nsalu yoyera, apo ndiye woyendetsa ankaiyamba liwiro.

Tsiku limenelo m'ndegemo munali mwana wanga Eduviges, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dona wina, mkazi wa wogula khofi, anamutenga kuti azikamulerera khanda ku Barranquilla.

"Ababa, lero musese bwino," anatero padoko. "Mukukwera anthu ofunika umu."

"Ofunika ake ati? Iwe wa zidendene zong'aluka iwe?"

"Nyozani. Chipewa chatsopano mudzachimva mbiri. Icho mwavalacho ngakhale nkhuku singaikiremo."

Ndinaseka, koma mtima unali m'mwamba. Kumtunda kunali kutagwa mvula usiku wonse, madzi anali ofiira ndi othamanga.

Nditadutsa theka la njira ndinaona chinthu chakuda chikubwera. Ndinachigunda ndi nsungwi yanga, chinatembenuka. Anali munthu, bambo wachikulire wosadziwika, atatupa kale.

Ife a kumtsinje mtembo sitiulola kudutsa. Amene wauona ndiye mwini maliro: amauvuula, amaukwirira pamtunda, n'kuzikapo mtanda. Bambo anga anaika anthu asanu ndi anayi otere, osadziwa dzina la mmodzi yemwe. Ndiye sindinaganize kawiri. Ndinaumanga chingwe m'khwapa n'kuyamba kuukokera pamchenga. Madzi ankalimbana nane, chingwe chinapulumuka kawiri, ndipo nthawi inatha.

Kudoko injini inkalira, kuleka, kuliranso. Mzungu woyendetsa uja sankadziwa kudikira, sabata yapitayo anali atanditukwana pamaso pa anthu chifukwa chochedwa. Sindinafune kuti anditukwanenso mwana wanga akumva. Ndinaimirira pamchenga paja, ndinayang'ana chigawo chimene chinatsala mpaka pachilumba. Madzi anali see, opanda kanthu. Ndinakweza nsalu. Palibe anandikakamiza, ndinakweza ndekha.

Ndege inabwera ikung'amba madzi, inandidutsa, ndipo inali itayamba kudzutsa mphuno pamene kabwato koyandamitsa ndegeyo ka kumanzere kanagunda chipika chimene chinagona pansi pang'ono pa madzi. Ndinamva phuu! Phiko linaloza kumwamba, ndege inagudubuka n'kuzika mutu. Kenako zii. Ndinkangomva mbalame zimene zinadzidzimuka pachilumba.

Asodzi anathamanga ndi mabwato. Pofika masana tinali titatulutsa anthu asanu, woyendetsa, dona uja ndi khanda lake, ndi amuna awiri, onse atafa. Mbali imene anakhala Eduviges inali itang'ambika, ndipo mpando wake unalibe munthu.

Mkazi wanga Tránsito sanalire pamaso panga, ndipo zikanakhala bwino akanandimenya. Anangondifunsa ali chikhalire pakhomo.

"Mlendo wanu uja mwamuika?"

"Ndamuika."

"Mtanda mwazika?"

"Ndazika."

"Chabwino. Tsopano pitani mukanditengere wanga."

Ndinatsika ndi mtsinje masiku asanu. Pamudzi uliwonse ndinkaima n'kufunsa, ndipo paliponse ankandipatsa chinangwa ndi nsomba n'kupukusa mutu. Komabe mtima unali ndi pogwira. Ndinkadziwa kuti anthu athu sangamulole kudutsa, wina ndithu wamuvuula, wamuphimba kumaso, ndipo ine ndikangofukula n'kupita naye kwa amake.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinafika padoko lina pamene ndege zinkateranso. Wosesa wa pamenepo anali Hermógenes, munthu amene tinakulira limodzi. Atandiona anavula chipewa, koma maso ake anali pamadzi.

"Achimwene, zanu tinamva. Pepani."

"Sunaone kanthu kuno, Hermógenes?"

Anakanda m'mphepete mwa bwato ndi chikhadabo.

"Lachisanu m'mawa unadutsa mtembo umodzi. Wa mtsikana."

Kunena zoona ndinamva kupepuka. "Mulungu akudalitse, m'bale wanga. Unamuika pati?"

"Achimwene, chichitikireni ngozi ija azungu anatiitana tonse. Akuti wosesa asaime pa chilichonse, kaya ng'ombe kaya munthu. Ndege inali itautsa kale injini, muli anthu asanu ndi mmodzi."

"Ndakufunsa kuti unamuika pati."

"Ndinamukankhira pakati, pamene madzi amathamanga kwambiri. Sindinadziwe kuti ndi wanu. Nditabwerera anali atapita."

Ndinafuna kumukantha ndi nkhafi, dzanja linakana. Ndimukanthe chifukwa chiyani? Iye ndege yake inanyamuka bwinobwino.

Kuchokera pamenepo mpaka kunyanja mtsinje ndi wotambalala, ng'ona ndi zambiri, midzi ndi yochepa. Ndinapalasabe masiku ena atatu, kenako ndinatembenuza bwato. Nditafika kwathu ndinapeza Tránsito atakumbitsa kale manda, akundidikira padoko ndi nsalu yokulungira.