Mabulangete Atatu

Elube anali atafika kale pokwerera tekisi pamene anakumbukira kuti makiyi a nyumba ya abwana ake ku Alberton wawasiya patebulo. Anabwerera chothamanga. Atangokankha chitseko cha kachipinda kawo ku KwaThema, maso ake anagwera pa mwana wake. Miracle, khanda lake la miyezi iwiri, anali atagonekedwa chafufumimba, mabulangete atatu mpaka kumutu, mbaula ya parafini ikuyaka pambali.

"Alamu, mwanayu mwamugoneka bwanji?"

A Colleta, achemwali a mwamuna wake, amene ankatsala ndi mwanayo masana, sanatembenuke n'komwe.

"Juni wa ku Joni si masewera, Elube. Ukufuna aume ngati nkhuku ya mufiriji? Komanso chagada mutu umaphwatalala. Anga anayi ndinalera chonchi, ali gwa ku Ntcheu uko."

"Ku kiliniki anati azigona chagada, pamatiresi olimba, popanda pilo, nkhope ili poyera. Akatenthedwa kapena mphuno zikatsekeka, khanda silitha kudzitembenuza."

"Nanga akasanza?"

"Ndinafunsa. Anati satsamwa."

"Ha! Wabereka dzulodzuloli, lero ukundiphunzitsa kulera? Mawu a akuluakulu akoma akagonera, mwana iwe."

Elube anachita mantha. Munthu wokusungira mwana mwaulere ku Joni umupeza kuti? A Colleta akanyanyala, ntchito yathera pompo. Koma Nathan, mwana wake woyamba, anamwalira zaka ziwiri zapitazo ali m'tulo masanasana, wosadwala ngakhale chimfine, ali ndi a Colleta omwewa. Madokotala anapima thupi osapeza kanthu. Kumudzi anati mwamuna wake Douglas anasempha mwana, ndipo banja linatsala pang'ono kutha.

"Nathan naye anagona chonchi," mawu anamupulumuka.

A Colleta anakhala pansi pang'onopang'ono, manja ali m'chiuno.

"Nena basi. Ukuti ndinapha mwana ndine."

"Ayi, alamu! Anesi anati imfa imeneyi imangobwera khanda lili m'tulo, madokotala nawonso chenicheni sachidziwa. Si tsempho, si ufiti, si inuyo. Kungoti mwana akagona chagada, osamufunditsa kwambiri, ngoziyo imachepa. Tonse sitinkadziwa. Inenso ndinkamugoneka chafufumimba."

A Colleta, mayi woti ngakhale pamaliro paja sanagwetse msozi, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Zaka ziwiri zonsezi," anatero chapansipansi, "aliyense kumangondiyang'ana. Palibe anandiuzapo kuti si ine. Mabulangetewa ndimaunjika chifukwa cha mantha, Elube. Ndimati mwina uja anafa ndi chisanu."

Anadzuka, nazimitsa mbaula. Anachotsa mabulangete awiri, natembenuza khandalo mosamala. Miracle anali thukuta kamukamu, tsitsi litamata pachipumi. Anangoyasamula n'kupitiriza tulo take.

A Colleta anagwira bulangete lotsalalo.

"Tabwera undionetse," anatero. "Lilekeze pati?"