Sewero la Siaka ndi Chibwibwi cha a Diarra

Loweruka m'mawa mayi Tenin Traore anapita kumpopi. Anapezako mkazi wa a Zumana Diarra akutunga madzi. Anawapatsa moni, koma mayiwo anangosenza ndowa yawo n'kumapita.

Zimenezi zinali zachilendo. Mabanja awiriwa anali oyandikana nyumba mumzinda wa Segou, mpanda umodzi wokha pakati. Komanso Korotumu, mwana wamkazi wa a Tenin, anali atatomeredwa ndi mwana wa a Diarra, ndipo mtedza wa kola wofunsira mbeta unali utalandiridwa kale. Dzuwa lisanafike pamutu, kunabwera mthenga kudzanena kuti nkhani ya ukwati iyambe yaima.

Korotumu analira. Kenaka analoza mchimwene wake Siaka.

"Ndi iweyo ndi sewero lako lija! Dera lonse likuseka apongozi anga."

Siaka ankaphunzira za zisudzo ku koleji ku Bamako. Pa tchuthi aphunzitsi anamutuma kuti akafufuze za koteba, masewero a makolo oseka makhalidwe oipa, ndipo akakonze lake. Iye anasonkhanitsa achinyamata a m'deralo, nakonza sewero la mkulu wotaya zinyalala mu ngalande mpaka udzudzu kuswana. Analichita Lachisanu madzulo, anthu atachoka kumzikiti. Poyamba anthu sankaseka. Siaka ataona kuti zinthu zazizira, anayamba kuyankhula mwachibwibwi, akutsinzina ndi kumenya phazi pansi. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Palibe amene sanadziwe kuti umo ndi mmene amayankhulira a Zumana Diarra, telala wa pafupi ndi msika. A Diarra eni ake anali pomwepo. Ananyamula mpando wawo n'kuchoka mwakachetechete.

"Koma sindinatchule dzina la munthu," anatero Siaka.

Bambo ake, a Tiemoko, anamuikira kumbuyo. "A Diarra ndi ife a Traore ndife a chisuweni cha nthabwala kuyambira kale. Timanyozana tsiku ndi tsiku, palibe amakwiya. Lero chavuta n'chiyani?"

"Chavuta n'choti mwana wanga sakwatiwa," anayankha a Tenin. "Tiyeni kwa mayi Nantene. Iwo zimenezi amazidziwa."

Mayi Nantene Koulibaly anali mlangizi wa zaumoyo pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Ali mtsikana ankaimba m'magulu a koteba, ndipo ngakhale tsopano ankagwiritsa ntchito masewero pophunzitsa za katemera. Anawalandira pansi pa mtengo wa mango, nawathirira tiyi m'timatambula. Anamvetsera mpaka onse atatha.

"Ndinalipo dzulo," anatero. "Mwana wanga Siaka, luso uli nalo. Anthu unawaika bwino pabwalo, oimba ng'oma pakati, akazi kuzungulira, amuna kunja. Zinandikumbutsa utsikana wanga. Koma ndikufunse. Sewero lako limanena za chiyani?"

"Za zinyalala ndi malungo, amayi."

"M'mawa uno kuchipatala anthu amakamba za seweroli. Palibe anatchula ngalande. Onse amangoyeserera chibwibwi. Mdzukulu wa a Diarra wabwerako ku sukulu ya Korani akulira, anzake akumutsatira ndi mawu omwewo."

Siaka anazyolika. Iye ankaganiza kuti phwete lija linali umboni woti sewero layenda.

"Koteba amaluma, zoona," anapitiriza a Nantene. "Amaseka mwamuna waulesi, mkazi wa miseche, wamalonda wakuba pa sikelo. Anthu amenewo akachita manyazi amatha kusintha mawa. Nanga a Diarra asinthe chiyani? Chibwibwi si khalidwe. Si kupusa, si tsoka, ndipo sichipatsirana. Munthu wachibwibwi amangofuna kuti umudikire amalize mawu ake."

"Nanga chisuweni chathu?" anafunsa a Tiemoko.

"Achimwene, mukamanyozana ndi a Diarra mumakhala maso ndi maso. Inu mukaponya, iwonso amabweza, nonse n'kuseka. Dzulo akanabweza bwanji? Mwana wanu anali ndi ng'oma ndi bwalo lonse. Iwo anali ndi mpando wawo basi."

"Pamenepo ndiye sindinaganizepo," anavomera a Tiemoko.

Siaka anadzutsa mutu. "Ndiye ndikonze sewero lina, lonena za anthu achibwibwi, kuti anthu aphunzire."

"Usathamange. Ukufuna kuwaikanso pabwalo osawafunsa? Pita ndi bambo ako ukapepese. Ukawafunse chimene iwo akufuna. Ndipo akamayankhula usawamalizire mawu."

Tsiku lotsatira bambo ndi mwana anapita ku shopu ya a Diarra. Anawapeza akusoka mkanjo pa makina. Makina sanaime. A Tiemoko anapereka moni wautali, kufunsa za banja, za ntchito, za kutentha. Mayankho anali afupiafupi. Kenaka Siaka anagwada pambali pa makinawo.

"Bambo, ndinakulakwirani. Ndinafuna kuti anthu aseke, ndipo ndinawaseketsa ndi inu. Ndikhululukireni."

Makina anaima. A Diarra anayamba kuyankhula, ndipo mawu oyamba anakakamira pakhosi. Siaka anadziwa mawu amene ankabwera, lilime linamuyabwa, koma anakumbukira malangizo aja. Anadikira.

"Yunifolomu yako yoyamba ndinasoka ndine," anatero a Diarra pamapeto pake. "Anthu akhala akundiseka kuyambira ndili mwana. Ndinazolowera. Koma sindinkadziwa kuti nawenso, nthawi yonse ndimakuyeza malaya ija, unkaloweza mayankhulidwe anga."

Misozi inalengeza m'maso mwa Siaka. Anafunsa ngati angakonze sewero lowayeretsa.

"Ayi. Sindikufuna sewero la ine, labwino kapena loipa. Unandinyoza pagulu, ukanene pagulu kuti unalakwa. Ukatero uchite sewero lako la zinyalala. Ngalande ya kuseri kwa shopu ino ikununkha mpaka lero."

Sabata imeneyo Siaka anavutika. Atachotsa chibwibwi, anapeza kuti sewero lake linalibe choseketsa china. Anabwerera kwa mayi Nantene, ndipo iwo anamutumiza kwa akuluakulu amene ankasewera koteba kale. Kumeneko anaphunzira zimene sanazipeze m'kalasi. Anaphunzira kuti munthu wonyada amadziwika ndi kayendedwe asanatsegule pakamwa. Anaphunzira kudikira ng'oma, kuti nthabwala igwe pamene ng'oma yadukiza. Anaphunziranso kutembenuka posewera, chifukwa pabwalo lozungulira nthawi zonse pali anthu kumsana kwako. Korotumu, amene poyamba sankamuyankhula, anadzamuthandiza kuphunzitsa atsikana nyimbo, ngakhale ankamukalipirabe akalakwitsa.

Lachisanu linafika. Anthu anadzaza bwalo kuposa poyamba, ena akuyembekezera kumvanso chibwibwi chija. A Diarra anabwera mochedwa ndi mkazi wawo, nakhala kumbuyo. Ng'oma zisanayambe, Siaka anaima pakati.

"Makolo anga, abale anga, sabata yatha ndinayeserera mayankhulidwe a bambo Diarra. Ndinalakwa. Ana amene mukuchita zimenezi m'misewu munaonera ine, ndipo ndikukupemphani musiye."

Kenaka ng'oma zinalira.

Siaka analowa atavala mkanjo waukulu wonyezimira, mphuno m'mwamba, akuyenda ngati nthaka ndi ya bambo ake. Anakhuthula zinyalala mu ngalande, napukuta manja monyada. Posakhalitsa kunatulukira atsikana ovala mapiko a makatoni, akulira ngati udzudzu, akumuthokoza ndi nyimbo chifukwa chowamangira nyumba yabwino. Anamutcha malume. Anamutsatira mpaka kunyumba, nakana kuchoka, ati pachibale sapirikitsana. Mkulu wonyada uja anadziwomba mbama kumaso, kumsana, m'miyendo, mpaka anagwa chagada akunjenjemera ndi malungo. Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Mayi wina anakuwa kuti, "Ameneyo ndi mwamuna wanga weniweni!" Bambo wina anayankha kuti, "Ayi, ndife tonse!"

Sewero litatha, mayi Nantene anafunsa kuti ndani abwere ndi fosholo m'mawa mwake kudzayeretsa ngalande. Manja anakwera ambiri.

Pamenepo a Diarra anaimirira. Bwalo linatembenuka. Mawu anawakakamira monga mwa nthawi zonse, ndipo kamnyamata kena kanayamba kuseka, koma amayi ake anakagwira pakamwa. Anthu onse anadikira.

"Ndimadabwa kuti zinyalala zonsezi zimachokera kuti," anatero a Diarra. "Lero ndadziwa. Ndi makoko a nyemba za a Traore. Anthu amenewa sadya china!"

Bwalo linaphulika ndi phwete, pakuti za nyemba ndi chitonzo chakale cha chisuweni chawo. A Tiemoko analumpha pampando. "Tamumveni Diarra! Iwe ukadya nyemba, ngakhale mbuzi zimasamuka m'khola!"

Akuluakulu awiriwo anagwirana manja akutukwanizana, uku akuseka. Mkazi wa a Diarra anayandikira a Tenin n'kufunsa ngati nsalu za mkwatibwi zinagulidwa kale. M'mawa mwake ngalande zinayeretsedwa, ndipo Korotumu anakwatiwa mvula itatha.

Siaka atabwerera ku Bamako, anafotokozera anzake a m'kalasi zonse, osabisa kulakwa kwake.

Sewero ndi chida champhamvu, chifukwa chimene anthu aseka pabwalo amapita nacho kunyumba, ndipo ana amachitola. Tikamakonza masewero, kusukulu, kumpingo, kumzikiti kapena m'mudzi, tiseke khalidwe limene munthu angathe kusintha. Tisaseke chibwibwi, chilema kapena matenda a mnzathu. Tisaike moyo wa munthu pabwalo tisanamufunse. Ndipo ngati tamulakwira pamaso pa anthu, tikapepesenso pamaso pa anthu.