Waya Wofewa wa a Bilali

Pa Kamwendo aliyense amadziwa kuti a Bilali akagwira galimoto, ndiye kuti yachira. Zaka makumi atatu akukonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango womwewo, ndipo palibe anabwerako kudzadandaula. Nanga bwanji takisi ya mwana wawo yemwe, Osman, inkangodwala nthenda imodzimodzi?

Nthendayo inali pulasitiki ya m'madigadi, ija imakhala pamwamba pa tayala kutchinga matope. Makilipu ake anathothoka kalekale mumsewu wa ku Dambe. Ndiye pakangotha masabata awiri, tsiku Lachisanu, Osman ankanyamuka ku Chipata komwe anakhazikika atakwatira, n'kuwoloka boda, pulasitiki ikukhula tayala, khwee, khwee. A Bilali ankaimva galimotoyo isanakhote n'komwe, mtima n'kukhala pansi.

"Yayambanso, ababa," ankatero Osman potsika.

"Misewu yanu ija! Ikweze pa jeke."

Chinsinsi tiulule ife, poti eni ake sakanatha. M'bokosi la a Bilali munali mabawuti, manati ndi mawashala okwana kumanga pulasitikiyo mpaka galimoto kukalamba. Koma mkuluyu ankasankha kawaya kofewa, n'kupota kawiri basi. Ankadziwa bwino kuti sikapirira masabata atatu. Ntchito ya mphindi khumi ankaikoka ola lathunthu, uku akugogoda apa, uku akupukusa mutu ngati kuti zavuta. Pomaliza nthawi ya pemphero la Juma inkakhala itakwana, n'kupitira limodzi ku mzikiti, pobwerako tiyi ndi mandasi.

Musawaweruze msanga. Chimwalirireni akazi awo, nyumba inangoti zii, ndipo mwana anali yekhayu. Pa foni Osman ndi munthu wa mawu atatu: muli bwanji, tili bwino, chabwino. A Bilali ankamusowa mwana wawo koopsa, koma kuti anene kuti "bwera, ndakusowa," aaa, pakamwa pawo sipanazolowere zimenezo. Waya ndiye ankawanenera.

Lachisanu lina Juma inadutsa Osman osaoneka. Dzuwa litapendeka takisi inafika mwakachetechete, yopanda khwee wake uja, mbali imodzi ili matope okhaokha. Kutsogolo kunakhala Rashida, mkazi wa Osman, yemwe anali woyembekezera, manja onse awiri atagwira pamimba. Pulasitiki inali pa mpando wakumbuyo, yopindika ngati chikopa chouma.

"Waya uja anaduka titangodutsa pa boma," anatero Osman. "Pulasitiki inakulungika m'tayala, galimoto n'kukokera kungalande. Allah yekha ndiye watisunga, ababa."

A Bilali anayang'ana mpongozi wawo.

"Simunapweteke, apongozi?"

"Ayi, ababa. Mantha chabe."

Mantha chabe! Manyazi amene anawagwira a Bilali tsiku limenelo sadzawaiwala. Chifukwa cha tiyi ndi mandasi akanapha mwana, mpongozi ndi mdzukulu yemwe anali asanamuone n'komwe. Sanakoke ntchito ayi. Anakamasula pulasitiki yabwino pa galimoto yakufa yomwe inali kuseri, n'kuboola mabowo, n'kumanga ndi mabawuti, washala mkati, washala kunja. Anazungulira matayala onse anayi. Atatha anaigwedeza ndi manja awiri, koma sinasunthe.

"Iyi ndiye sidzakuvutanso," anatero.

Osman anali atanyonyomala pafupi ndi bokosi la zitsulo. Anatola bawuti imodzi ya dzimbiri pang'ono n'kuitembenuza m'manja.

"Mabawuti amenewa munali nawo nthawi yonseyi, ababa?"

"Ndinali nawo."

Osman anawayang'ana nthawi yaitali. Anabwezera bawuti ija m'bokosi. Analiza galimoto, n'kubwerera ku Zambia.

Masabata awiri anatha. Atatu. Asanu. Lachisanu lililonse a Bilali ankasesa pansi pa mango m'mamawa, n'kutsuka makapu awiri, ngakhale ankadziwa kuti ntchito ya manja awo siimasuka. Akamva chinthu chikukhula mumsewu ankadzutsa mutu, koma inkakhala njinga ya kabaza kapena lole ya fodya ya ku Mlonyeni. Ku mzikiti ankapita okha, pobwerako n'kubwezera kapu inayo m'kabati. Ankadziuza kuti zili bwino, mwana akuyenda motetezeka. Zinalidi bwino, koma zinkawawa.

Lachisanu lachisanu ndi chimodzi, ali chigonere pansi pa minibasi ya munthu, anamva. Khwee, khwee. Anatuluka mofulumira mpaka kugunda mutu ku chitsulo. Inali takisi ya Osman, ikubwera pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi. Chimwemwe chinabwera poyamba, mantha n'kutsatira pomwepo. Mabawuti awo amasuke? Zosatheka!

Anagwada pa tayala lakutsogolo galimoto isanazime. Mabawuti awiri panalibe. Koma mabowo anali osang'ambika, ozungulira bwinobwino, ndipo pa fumbi pankaoneka pomwe sipanala yangodutsa kumene. Makaniko wa zaka makumi atatu pa ntchito sanamizika pa zimenezo. Msewu suchotsa bawuti mwaulemu chotero.

Osman anatsika, n'kupisa dzanja m'thumba la malaya. Anatulutsa mabawuti awiri, manati ake ndi mawashala, n'kuziika m'dzanja la bambo ake. Zinali zofunda. Anali atazimasulira pa siteji pomwepa.

"Yayambanso, ababa," anatero, maso ali kumbali. "Misewu yathu ija."

A Bilali anafumbata mabawutiwo mwamphamvu. Anatsokomola, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi, ati fumbi.

"Ikweze pa jeke," anatero. "Koma ndikuuziretu, imeneyi itenga nthawi."