Mawu a Tonde

Wometa tsitsi anali atadzipanikiza kale m'kabati ya zovala, foni ili m'manja, pakati pa madiresi ndi majekete akale.

"Muno mukununkha mankhwala a njenjete, achemwali," anatero. "Ndikafera muno mukauze makasitomala anga."

"Zovalazo zimameza phokoso," anayankha Mapensulo. "Werengani mzere woyamba."

Dzina la Mapensulo anamupatsa ndi anzake kusukulu, chifukwa m'makope mwake munkadzaza zithunzi m'malo mwa masamu. Tsopano mkati mwa sabata ankagwira ntchito pa shopu yosindikiza makadi aukwati, koma Loweruka ndi Lamlungu ankajambula makatuni a mphindi ziwiri n'kuwaika pa intaneti. Luso limeneli anachita kutolatola yekha m'mavidiyo aulere, kuonera, kuimitsa, kuyeserera, mpaka zojambula zake zinayamba kuyenda ngati zamoyo.

Chimene anthu ankakonda chinali Tonde, mbuzi yandevu yogwira ukondakitala pa basi, yolongolola ngati yamwa madzi a chule. Mawu a Tonde anali a bambo ake a Mapensulo, amene anagwiradi ukondakitala zaka makumi atatu. Koma miyezi isanu m'mbuyomo bambowo anachita sitiroko. Dzanja lamanja linafooka, lilime linalemera, ndipo Tonde anangoti zii. Pansi pa katuni yomaliza anthu ankalemba tsiku ndi tsiku kufunsa ngati mbuziyo inaphedwa.

Wometa anakonza kukhosi. "Sunthani mayi, basi ino si ya amalume anu!"

Mapensulo anayang'anitsitsa kabatiyo. Anali mawu a bambo ake enieni, ndi kakuseka kam'mphuno komwe. Si pachabe anthu ankadzaza m'shopu ya wometayu kudzamva akuyerekeza mayankhulidwe a anthu.

Ndodo inagogoda pa simenti. Bambo ake a Mapensulo anali ataima pakhomo la chipindacho, atavala malaya mopotoza mabatani. Anayang'ana kabati, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Wa... kho... za," anatero. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kulowera kukhonde.

Wometa anatuluka m'kabati, ulusi uli m'mutu. "Ndimayesa munawauza," ananong'ona. Anaika foni pabedi, n'kunena kuti wasiya munthu atameta mbali imodzi, ulendo.

Mayi ake a Mapensulo anali kukhitchini akupukuta mbale imodzimodzi yomweyo, youma kale.

"Amayi, musandiyang'ane choncho," anayamba Mapensulo. "Miyezi isanu. Anthu a pa intaneti sadikira, mawa apeza china chowaseketsa. Zaka zinayi ndakhala ndikumanga chinthu chimenechi."

"Ine ndayankhula?"

"Maso anuwo."

"Chabwino, poti wandiputa." Anaika mbale ija pansi. "Wakwirira munthu akupuma. Nanenso kodi ndikapeze bambo wina woyankhula msanga, azindiitana m'mawa? Wometa yemweyo angathe, eti?"

"Amayi, inunso."

"Bambo akowo m'mawa uliwonse ukapita kuntchito amakhala pagalasi kuyeserera mawu a mbuzi yakoyo. Amati ndisakuuze mpaka atakhoza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe."

Mapensulo anabwerera kuchipinda. Anatenga foni ndi tabuleti yake yojambulira, yong'aluka pakona, n'kutuluka.

Anawapeza bambo ake atakhala pa mpando wapulasitiki, akuyang'ana zovala pachingwe. Anakhala pansi, pambali pa mapazi awo.

"Ababa, ndalakwa. Ndikanayamba ndakufunsani."

Anapukusa mutu. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, ngati munthu akutsitsa katundu wolemera. "Ng'oma... yolira... sikhalira kusweka. Ndinalira... mokwanira. Mutenge... yemweyo."

"Tayesani kamodzi kokha. Mzere womwe uja."

Anakana, iye n'kuumirira. Potsiriza anagwira ndodo ndi dzanja lamanzere n'kuweramira pa foni. Mzere umene kale unkatha masekondi atatu unatenga khumi ndi limodzi. Liwu loti "amalume" analibwereza kawiri. Atamaliza, thukuta linali pamphumi.

Mapensulo anamvetsera mawuwo atatseka maso. M'mutu mwake anayamba kuwerengera monga mwa ntchito yake: sekondi iliyonse imadya zithunzi khumi ndi ziwiri, ndipo milomo yonse ya Tonde imene anajambula kale inali ya mbuzi yothamanga pakamwa. Palibe ndi umodzi womwe ukanagwirizana ndi mawu awa. Zinkafunika kuyambiranso, mwina miyezi iwiri ya Maloweruka. Komabe m'mawu olemerawo, pansi pake, mwano wa Tonde unalimo wonse.

"Bwanji Tonde nayenso adwale?" anatero. "Abwere kuchokera kuchipatala ndi ndodo, abwerere pa basi yake. Aziyankhula mmene mukuyankhuliramu."

Bambo ake anayang'ana ndodo yawo. "Anthu... adzaseka."

"Ndiye ntchito ya Tonde imeneyo."

"Adzaseka... ine."

Mapensulo sanafune kuwanamiza. "Ena adzatero. Ena adzasiya kuonera. Koma mukakana, Tonde athere pomwepa. Sindimupatsa munthu wina."

Mayi ake anali atafika pakhomo, nsalu yopukutira mbale ili paphewa. "Kale simunkapatsa mnzanu mpata," anatero. "Zaka makumi anayi ndikudikira kuti mupume ndiyankhuleko. Mbuziyo nayo ilawe."

Phewa la bambo aja linagwedezeka. Kunali kuseka, koyamba kumveka pakhomopo chibwerere kuchipatala. Analoza foni ndi chibwano kuti aiyatsenso.

"Okwera... akamadandaula... kuti ndikuchedwa," anatero, "Tonde... aziti: wofulumira... atsike... athamange."

Mayi anaseka mpaka kugwira chitseko. Mapensulo anasunga mawuwo kawiri, kuopa kuti angafufutike.

"Wometa uja," anapitiriza bambo, "akhale... wokwera... wodandaulayo. Ali ndi... pakamwa."

"Ndikamuuza mawa."

Anatsegula tsamba loyera pa tabuleti n'kuyamba mutu wa Tonde: nyanga, ndevu, chipewa chopindika. Atafika pakamwa, dzanja linaima. Anajambula mlomo wowongoka bwinobwino, monga wakale.

Bambo ake anasuzumira, n'kugogoda galasi ndi chala. "Iyayi. Usandi... kongoletse."

Anatembenuza nkhope, kumuonetsa mbali imene inagwa. Apo m'pamene Mapensulo anazindikira kuti miyezi isanu yonseyi ankayankhula nawo akuyang'ana kolala ya malaya awo, kapena khutu, kapena khoma. Anafufuta mlomo uja. Anakweza maso, nayang'anitsitsa tsaya lofooka, ngodya ya mlomo yolendewera, ndi diso limene linkamuyang'ana mosaphethira.

"Musasunthe, ababa," anatero, nayamba kujambula.