Alendo Ochokera ku Halale

A Nangozo anali atanena kale kuti kumanda alendowo sapondako. Ananena Lolemba, anabwereza Lachitatu, ndipo Loweruka m'mawa anangoyala mkeka pakhonde n'kuyamba kuswa mtedza ngati palibe chimene chikuchitika.

Mwana wawo Sungani, bambo wa imvi zake kale, ankangozungulirazungulira pabwalo foni ili m'manja.

"Amayi, akuti adutsa pa Zalewa. Posachedwa akhala afika pa Manjawira."

"Afike. Msewu ndi wa boma."

"Nanga zija ndinapempha zija? Kwa eni manda ndinapita kale, alola. Atsala ndi mawu anu okha."

"Ukawaonetse mbuzi, ukawaonetse chitsime, olo tchalitchi. Koma pamene pagona bambo ako, ine ndili moyo, ayi."

Musawaone ngati ouma mtima mayiwa. Amuna awo, a Eliya, anapita kumafamu a fodya ku Halale Sungani ali kumsana. Anati zaka ziwiri basi. Zinakwana khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kalata olo imodzi! Mudzi wonse unkawatchula kuti mkazi wa mtchona, ena akuti akwatiwenso, iwo kukana. Tsiku lina munthu uja anangotulukira ndi sutikesi ya chitsulo, bulangete limodzi ndi chifuwa chosatha. Anamulandira, anakhala naye zaka zina makumi atatu, osamufunsa kanthu, nayenso osanena kanthu. Pamudzi ponse ndi iye yekha amene ankawaitana dzina lawo la ubatizo, Lufina, ndipo atamwalira dzinalo linangotsala m'buku la kutchalitchi. Funso limodzi lokha ndilo linkawadya: kodi zaka zonse zija munthuyu anandikumbukirako?

Ndiye chaka chatha pafoni ya Sungani panabwera uthenga wa mayi wina wodzitchula kuti Mai Tendai, akuti ndi mwana wa a Eliya, wobadwira kufamu konko. Kwa a Nangozo yankho linali lomwelo. A Eliya anawaiwala, basi, ndipo zinawapweteka ngati zachitika dzulo.

Galimoto inafika dzuwa lili pamutu, yoyera koma itafiira ndi fumbi, pamwamba atamangapo tenti ndi zikwama. Anali atagona ku Tete. Adzukulu awiri a Mai Tendai, poti sukulu anali atatsekera, anatumphuka n'kuyamba kuthamangitsa mbuzi za eni. Bambo wamtali, mwamuna wa Mai Tendai, anapereka moni n'kubwerera kukamasula zingwe. Kenako panabwera mayi wonenepa bwino, wa zaka zopitirira makumi asanu, n'kugwada kumapeto kwa mkeka akuomba m'manja mwa kwawo.

A Nangozo anamuyang'ana kamodzi. Kalanga ine, mphumi uja! Makutu aja! Panalibenso chofunsa.

"Muli bwanji, amayi?" Chichewa chake chinali cha kumafamu, chopindikapindika.

"Tilipo."

"Tayenda masiku awiri. Ndimafuna ndingoona pamene anagona bambo anga."

"Kumanda n'kutali," anatero a Nangozo, maso ali pa mtedza.

Sungani anayang'ana kumbali. Manda ake anali kuseri kwa tchalitchi, poti munthu akhoza kusiya madzi pamoto n'kubwerako asanawire. Mkazi wa Sungani anabweretsa thobwa, anthu anamwa mwakachetechete. Kamphepo ka Ogasiti kankangouluza makoko a mtedza pabwalo.

Apo bambo wamtali uja anakuwa ali kuseri kwa galimoto, thumba la shuga lili m'manja.

"Lufina!"

"Ee?"

Anayankha awiri. Mlendo uja anatembenuka kuyang'ana gogoyo, gogoyo atagwira pakamwa ngati watukwana mu tchalitchi.

"Akuitana ndani bamboyu?"

"Ine, amayi. Tendai ndi mwana wanga woyamba. Dzina langa ndine Lufina."

"Limenelo ndi dzina la amayi," anatero Sungani chapansipansi.

Mlendoyo anangoti kukamwa yasa. A Nangozo anakankhira lichero pambali.

"Anakupatsani ndani?"

"Bambo. Mayi anga ankafuna lina, iwo anakana, amvekere ngati si limeneli mwanayu akhale wopanda dzina. Akafunsidwa kuti Lufina ndani, ankangoti ndi dzina la kwathu. M'mawa uliwonse asanapite ku fodya ankaima pakhomo n'kuitana, Lufina, Lufina, ine ndili pamapazi pawo pomwepo. Ndinkadabwa kuti kodi bambowa saona?"

A Nangozo anaseka, kuseka koipa, misozi ili chuchuchu.

"Chitsiru cha munthu! Kugula sitampa kunamukanika, koma kukuwa dzina langa pakhomo pa mkazi wina ndiye ankatha. Zaka zonsezi ine ndikudya mtima kuti anandiiwala. Eliya iwe, Eliya!"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mkwiyo unalipo ndithu, koma chimwemwe chinaposa, ndipo anachita nacho manyazi pamaso pa ana. Anamuyang'ananso mlendo uja, tsopano bwinobwino.

"Pamene ankabwerera kuno, inu munali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zitatu. Anati akukaona kumudzi, abwera mwezi wamawa."

"Anakulemberaniko?"

"Ayi, amayi. Olo imodzi."

"Ndi yemweyo," anatero a Nangozo akugwedeza mutu. "Ndi yemweyo ameneyo, simunasochere."

Anagwira mzati wa khonde n'kudzikoka mpaka kuima, mawondo akulira. Anakutumula makoko pachitenje.

"Sungani, ndodo yanga. Adzina, dzukani. Inu muli naye mawu, inenso ndili naye mawu, tikamuuze limodzi."

Bambo wamtali uja anathamangira kukatsegula chitseko cha galimoto, poti anamva kuti kumanda n'kutali. A Nangozo anamubweza ndi ndodo, dzanja lina atagwira mkono wa mnzawo wa dzina.

"Isiyeni galimotoyo, bambo, yatopa. Ndi pafupi pompa."