Mlandu wa Phazi la Binwell

Binwell ankakonza mafoni pa boma la Neno, ndipo pa ntchito imeneyo panalibe womunena. Koma pa mpira wa pakompyuta, abale inu, munthu uja anali mbuli yotheratu. Loweruka lililonse masana mlamu wake Stefano, wazaumoyo wa ku Magaleta, ankabwera pa njinga yamoto kudzamuthira zigoli pabalaza pake pomwe. Eliza, mkazi wa Binwell yemwenso ndi mlongo wake wa Stefanoyo, ankawakonzeratu pabalazapo n'kuwayatsira kompyuta, kenako n'kubwerera ku ntchito yake ya mandasi ogulitsa Lamulungu. Amuna awiriwo ankaseka mpaka nthiti kuwawa.

Zinthu zinasokonekera m'mwezi wa Juni, kuzizira kutafika. Mpira uli m'chigawo chachiwiri, Stefano akutsogola ndi zigoli zitatu, kompyuta ija inangoti zii. Babu la pabalaza linali likuyaka bwinobwino, ndiye sakanati magetsi athima. Loweruka lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, linzakenso chimodzimodzi.

Tsono bokosi la kompyutayo linkakhala pansi pa tebulo, ndipo tebulolo linali ndi nsalu yofika pansi. Stefano anayang'ana nsaluyo, n'kuyang'ana miyendo ya mlamu wake.

“Alamu,” anatero, “kodi phazi lanulo limakatani kunsiko? Bwanji imangozima inu mukamagonja?”

“Aa, alamu! Nanga ine ndinapambanapo liti?”

Yankho linali loona, koma silinathandize. Nkhani inafika pamsika kuti Binwell amazula nthambo ndi chala chakuphazi. Obweretsa mafoni ankati, “Mutikonzere, a Chizimitsa, osatizimitsiratu.” Iye ankaseka nawo, koma mumtima zinkamupweteka kwabasi. Kugonja anakuzolowera, koma kutchedwa wachinyengo ndi mlamu wake amene ankamukonda ngati m'bale wa bere limodzi, zimenezo zinamusowetsa mtendere.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba Binwell anatulutsa bokosi lija pakhonde n'kulitsegula. Anapemerera fumbi ndi pampu ya njinga mpaka kuyetsemula. Anazunguza fani ndi chala, n'kuona kuti ikuyenda. Anasintha nthambo, anasintha soketi, anazula tizipangizo ta mkati n'kutibwezeretsa, mpaka anabwereka kabokosi kena kogawa magetsi kwa mnzake wa ku Lisungwi. Sabata yonse anasewera yekha mpaka zala kuuma, koma kompyuta sinazime ngakhale kamodzi. Mosangalala anaimbira foni Stefano.

“Ndiye imangozima ikaona ine, eti?” anatero Stefano, osaseka n'komwe. “Loweruka lino ndibwera komaliza. Ikazimanso, simudzandionanso pampando umenewo.”

Loweruka litafika, Binwell anatenga mpando wachiwiri, n'kusanjikapo miyendo yonse iwiri, n'kupereka chingwe chomangira katundu panjinga.

“Mangani nokha, alamu. Mumangitse.”

Stefano anamangadi, osamva chisoni. Mpira unayamba. Chigoli choyamba chinalowa, chachiwiri chinalowa, Binwell akupemphera chamumtima kuti zilowe ngakhale khumi bola isazime. Chigawo chachiwiri chitangoyamba, kompyuta ija inati zii.

Binwell analoza miyendo yake yomangidwayo, misozi ili lengelenge. Stefano anayang'ana chingwe chija, n'kuona kuti mfundo zake zili momwe anazimangira. Anagwada, n'kukweza nsalu ya tebulo, n'kulowetsa mutu.

“Ii! Kuno kukutentha ngati m'uvuni,” anafuula ali kunsiko. “Komanso kukununkhira yisiti!”

Anatuluka chobwerera m'mbuyo akukoka bulangete, ndipo pambuyo pa bulangete panatuluka beseni lodzaza ufa wokanda, utafufuma mpaka kusefukira m'mbali. Beseni lija linali litatsamira kumbuyo kwa bokosi, penipeni potulukira mpweya wotentha, ndipo bulangete linali litafunditsa zonse ziwiri pamodzi.

“Mayi a Mwawi!” Binwell anaitana mkazi wake. “Tabwerani kuno!”

Eliza analowa akupukuta manja pachitenje. Ataona beseni lili pamtetete anakuwa.

“Achimwene, mwavundukuliranji? Uphwa umenewo!”

“Iwe Eliza, beseni ili limafuna chiyani pansi pa tebulo?” anafunsa Stefano.

“Nanga ndi kuzizira kuno ufa ungafufume panja? Chinthu chanuchi chimapuma mpweya wofunda bwino, makamaka mukamasewera. Ndimangofunditsa kuti kutenthako kusathawe. Simunaone mmene mandasi anga akukomera chiyambire Juni?”

“Mayi a Mwawi,” anatero Binwell, “kompyuta ikatenthedwa imadzizimitsa yokha kuti isapse. Mwezi wonse ine ndakhala Chizimitsa pamsika chifukwa cha mandasi!”

“Ndiye ine ndikanadziwa bwanji? Ndinkayesa ndi phazi lanu lomwelo, ngati mmene amanenera anthu.”

Apa Stefano anagwa pansi ndi phwete, n'kumamenya simenti ndi chikhatho. Binwell anafuna kukwiya, koma angakwiye bwanji munthu womangidwa miyendo pampando? Nayenso anaphulika kuseka mpaka kutsokomola. Stefano anakwawa n'kuyamba kumasula chingwe chija.

“Pepani, alamu. Ndinakulakwirani kwambiri. Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndikanena ndekha pamsika.”

“Zapamsika tiziona mawa. Khalani pampando, timalize mpira.”

Anapinda nsalu ya tebulo kuti mpweya uzidutsa, anadikira bokosi lizizire, n'kuyatsanso. Eliza ananyamula beseni lake akung'ung'udza kuti amuna sayamika. Chigawo choyamba chinatha. Chachiwiri chinayamba, fani ikungolira pang'onopang'ono, zigoli zikugwa ngati mango a m'Disembala. Wosewera wa Binwell mmodzi anafika podzimwetsa yekha chigoli. Kompyuta osazima ayi, mpaka wezulo yomaliza inalira.

Binwell anadumpha n'kuthamangira pakhonde, manja ali m'mwamba.

“Anthuni, tamverani!” anakuwa kuti ndi a kutsidya kwa msewu omwe amve. “Andichinya seveni kwa ziro! Mpira wonse, mpaka kumapeto!”